Kodi "mwanenepa" akadali mawu oyamikira?

Omvera athu a ku Chidzolomondo, ku Furancungo, ku Ntengo-wa-Mbalame, ndi inu a tsidya la malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, nkhani ya m'kope lino ikhumudwitsa ena, komabe tiyeni tiikambe. Kwathu kuno munthu akachokera ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, moni woyamba ndi wakuti, "Koma ndiye mwanenepatu!" Wouzidwayo amamwetulira. Mkazi akanenepa pabanja, akuchimuna amayenda motukula mapewa kuti mwana wathu akudziwa kusamala. Bambo akatulutsa mimba, anyamata a pamsika amayamba kumutchula kuti bwana. Ine ndikuti mawu amenewa tiziyamba tawayeza tisanawatulutse, pakuti thupi limene tikuliombera m'manjali ndi lomwe layamba kugwetsa anthu ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa ziwalo.

Sindikunena kuti mwambowu unayamba popanda chifukwa. Inu amene mwapitirira zaka 40 mukukumbukira chimene kuonda kunkatanthauza. Nkhondo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, midzi yambiri ya ku Macanga, Tsangano ndi Angónia inathawira ku Malawi, kumene othawa nkhondo anafika pafupifupi miliyoni imodzi, moyo wake wodikira ufa ndi nyemba pamzere. Chaka cha 1992, chimene mtendere unasainidwa ku Rome, ndi chaka chomwenso chilala chinapsereza chimanga m'chigawo chonse chino. Titabwerera kumabwinja tinapeza kaliwondewonde akutidikira. Munthu akangoyamba kutsika thupi, pachitsime pankamveka manong'onong'o. Anthu amene adutsa m'zoterezi sangaone thupi lonenepa n'kuliopa. Amaliona ngati kalata yochitira umboni kuti kunyumba kuli chakudya ndipo magazi ali bwino. Vuto ndi lakuti kalata imeneyi masiku ano imanama.

Kuti tione kumene njira iyi imathera, tiyang'ane ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, akuluakulu 13 mwa 100 alionse a m'dzikolo anali onenepa kopitirira muyeso. Pofika chaka cha 2000 anali atakwana 30. Pakati pa 2017 ndi 2020 anafika 42, ndipo kawerengedwe ka 2021 mpaka 2023 kanapeza 40. Mtundu wa anthu ndi womwewo, magazi a makolo sasintha m'zaka 50. Chinasintha ndi chakudya chimene chinawazungulira, ndiponso miyendo imene inasiya ntchito.

Mudabwa kumva kuti chimanga chili pakati pa nkhaniyi. Boma la America limathandiza alimi ake a chimanga ndi ndalama, choncho chimanga chinachuluka n'kutchipa. M'zaka za m'ma 1970 mafakitale anayamba kuchisandutsa manyuchi otsekemera, ndipo pofika 1984 makampani a Coca-Cola ndi Pepsi ankatsekemeretsa zakumwa zawo ndi manyuchi amenewo. Botolo limene poyamba silinkakwana 200 ml linakula mpaka pafupifupi 600 ml. Mbale za m'malo odyera zinakulanso. Ntchito zambiri zinakhala za pampando, ulendo uliwonse pagalimoto, madzulo pa wailesi ya kanema. Ndipo musaganize kuti ndi olemera a ku New York amene ananenepa kwambiri. Vutoli lakula kwambiri pakati pa osauka ndi anthu a kumidzi, m'zigawo monga Mississippi ndi West Virginia, kumene chakudya chotchipa ndi cha m'mapaketi.

Mu 2019 katswiri wina wa kumeneko, Kevin Hall, anasunga anthu 20 m'chipatala cha kafukufuku kwa mwezi wathunthu. Masabata awiri ankawapatsa zakudya za m'fakitale, masabata awiri enawo zakudya zophika kuchokera ku zinthu za kumunda, ndipo aliyense ankadya mmene wafunira. Pa masabata a zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya zochuluka osazindikira, ndipo anaonjezera pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa masabata enawo kilogalamuyo inachoka. Sanali anthu adyera. Chakudya chofewa, chotsekemera ndi chamafuta chimatsika msanga kukhosi mimba isanakuuzeni kuti yakhuta.

Wina ati, "Zimenezo n'za azungu, ife tikulimbana ndi njala." Tamverani za kwathu. Unduna wa Zaumoyo wa Mozambique unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lonse mu 2005, n'kubwerezanso mu 2014 ndi 2015. Amayi olemera kupitirira muyeso woyenera kutalika kwawo anachoka pa 18 kufika pa 30 mwa 100 alionse. Abambo anachoka pa 12 kufika pa 18. Odwala kuthamanga kwa magazi anachoka pa 33 kufika pa 39, ndipo ambiri a iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Odwala shuga anachoka pa 3 kufika pa 7. Zonsezi m'zaka khumi zokha. Ku Malawi amayi olemera kupitirira muyeso anali 10 mwa 100 mu 1992, koma pofika 2016 anali 21. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukasaka ganyu, kafukufuku wa 2016 anapeza amayi 68 mwa 100.

N'zoona kuti m'matauni vutoli linapezeka lalikulu kuposa kumidzi. Koma tauni masiku ano siidikira kuti muipitire. Imabwera yokha pa njinga yamoto, itamanga makatoni kumbuyo.

Taganizani tsiku la mayi wa kuno zaka 30 zapitazo. Ankadzuka kukatunga madzi kudambo, kusinja mumtondo, kupita kumunda ndi khasu, kubwera atasenza nkhuni. Kumsika ankapita wapansi, kutchalitchi wapansi, kumaliro a mudzi wachitatu wapansi. Lero chigayo chili pafupi, mjigo uli pafupi, ndipo ulendo umene agogo ankauyenda mmawa wonse, mdzukulu amaudikirira njinga yamoto. Musandimve molakwa. Chigayo chapulumutsa misana ya amayi athu, ndipo njinga yamoto yafikitsa amayi oyembekezera ambiri kuchipatala nthawi ikadalipo. Palibe amene akufuna kubwerera ku mtondo. Koma mphamvu zimene zinkathera pa munsi ndi pa msewu tsopano zikutsalira m'thupi, pamene mitanda ya nsima ikadali yomweyo, mwinanso yaonjezereka.

Mlimi amene akugwira khasu kuyambira mvula yoyamba mpaka kukolola sindikumudera nkhawa kwambiri. Amene ndikuwadera nkhawa ndi amene zinthu zayamba kuwayendera: mayi wa geni amene amakhala pa benchi kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa, mwini okala, mphunzitsi, mfumu, woyendetsa njinga yamoto, ndi mlimi wa fodya amene tsopano ali ndi aganyu, iye ntchito yake n'kuloza ndi chala. Ku Macanga tonse timadziwa mmene msika umasinthira alimi akalandira ndalama za fodya ku Mozambique Leaf Tobacco. Chiwaya chimayaka kuyambira mmawa, kanyenya sazima, makireti a zozizilitsa kukhosi ndi mowa amatha tsiku lomwelo. Ku Tsangano timakumba kachewere wabwino amene amadyetsa mizinda, timamugulitsa pa Biriwiri kapena pa Lizulu, kenaka ndalama yomweyo timagulira kachewere yemweyo atasambira m'mafuta amene akhala akuwira kuyambira dzana.

Tiyeni tiwerenge shuga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masipuni aang'ono 12 a shuga patsiku, ndipo ndi bwino koposa akalekezera pa 6. Botolo la 500 ml la chakumwa chotsekemera cha shuga wokwanira lili ndi masipuni pafupifupi 13. Botolo limodzi lokha, muyeso wa tsiku lonse watha. Tsono onjezerani tiyi wa mmawa wa masipuni anayi, thobwa lothira shuga masana, ndi mandasi awiri. Kuti mphamvu za botolo limodzi lija zithe m'thupi, muyenera kuyenda mwandawala mphindi zoposa 40. Choipa cha shuga wakumwa n'chakuti sakhutitsa. Mukadya mbatata ziwiri, nsima ya masana mumaichepetsa nokha. Mukamwa botolo, nsima mumadya yonse ngati simunalawe kanthu.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona mwana wa miyezi isanu ndi itatu ali kumsana, m'manja atagwira kabotolo ka Frozy kapena Fanta ndi kapaketi ka kamba. Mayiyo akuchita zimenezi mwachikondi, akufuna mwana wake alawe zimene iye sanalawe ali mwana. Koma lilime limaphunzira msanga. Mwana wozolowera zotsekemera adzakana phala la mgaiwa la nsinjiro, ndipo mudzati ndi wovuta kudya.

Mafuta ophikira nawo alowa m'nyumba mwathu ngati mkamwini wolemekezeka. Ndiwo zopanda mafuta oyandama pamwamba akuti n'zaumphawi. Nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, luni ndi kholowa tikuzisiyira agogo. Mgaiwa timauona ngati ufa wa chaka cha njala, timafuna woyera wokonola ndi kuviika, pamene gaga amene timapatsa nkhumba ndi amene amachititsa kuti nsima ikhalitse m'mimba ndiponso kuti shuga asakwere msanga m'magazi. Nkhumba zathu zikudya bwino kuposa eni ake. Za mowa sindichulutsa. Masese ndi mowa wa m'mabotolo ndi chakudya chakumwa, ndipo mimba zambiri za abambo zimene timazitcha za ndalama zinamangidwa ndi chipanda.

Pali chinthu china chimene ife a m'malire tiyenera kuchidziwa kuposa anthu a ku America. Thupi limakumbukira njala. M'dziko la Netherlands munagwa njala yoopsa m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto. Madokotala anatsatira ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo mpaka atakula, ndipo anapeza kuti ambiri ankanenepa msanga ndi kudwala shuga ndi mtima kuposa anzawo obadwa nthawi ya chakudya. Thupi limene linayamba moyo mosowa limaphunzira kusunga kalikonse. Tsono ganizirani ana athu amene anabadwira kothawa nkhondo, kapena m'chilala cha 1992, kapena m'njala ya 2002. Lero ndi abambo ndi amayi a mabanja, ena ayamba kugwira ndalama. Amenewa ndi amene botolo ndi chiwaya zingawapweteke msanga. Ndipo nkhaniyi siinathe, chifukwa kafukufuku wa 2022 ndi 2023 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'Mozambique ndi opinimbira. Si zachilendo kupeza m'nyumba imodzi mayi wonenepa kwambiri ndi mwana wopinimbira. Onse awiri akudwala mbale imodzi: nsima yambiri, shuga, mafuta, koma nyemba, mazira, nsomba ndi masamba zochepa.

Inu amene mukumwa ma ARV, mvetserani bwino apa. Kuyambira 2019 anthu ambiri ku Mozambique ndi ku Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ndi mankhwala amphamvu amene amagonetsa kachilombo msanga, koma ena, makamaka amayi, amaonjezera thupi akamamwa. Musasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi. Mukapita kukatenga mankhwala, pemphani akuyezeni kulemera ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo muwauze adokotala ngati zovala zayamba kuthina.

Nanga munthu achite chiyani? Ndiyambe ndi zimene sayenera kuchita. Kuli atsikana amene akugula mapiritsi onenepetsa pamsika, aja ena amawatcha Apetito, kuti aoneke bwino. Mankhwala ake enieni ndi a ziwengo, amagonetsa tulo ndi kutsegula njala, ndipo sanapangidwire kukongoletsa munthu. Kulinso ena amene akugula tiyi wochepetsa thupi wotsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimachoka ndi madzi ndi ndalama, mafuta amatsala pomwepo. Safunsa anadya phula.

Mwina mwamvanso za jakisoni wa ku America. Alipodi. Mankhwala otchedwa semaglutide, amene amagulitsidwa ndi maina a Ozempic ndi Wegovy, amachepetsa chilakolako cha chakudya. Boma la America linavomereza Wegovy mu 2021, kafukufuku ataonetsa kuti obayidwa sabata iliyonse anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 15 pa 100 alionse a thupi lawo m'chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Koma amene anasiya kubayitsa, mbali yaikulu ya thupi lija inabwerera chaka chisanathe. Ndi mankhwala odula, ofuna dokotala wokuyang'anirani, ndipo mu 2024 WHO inachenjeza kuti kwapezeka Ozempic wachinyengo ku Brazil, ku United Kingdom ndi ku America komweko. Ngati wachinyengo anafika m'maiko amenewo, kuli bwanji amene angakugulitseni munthu wa chikwama pamalire?

Phunziro la ku America limene lingatithandize ndi lina, lopanda jakisoni. Mu 2002 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu lina analipatsa mapiritsi a metformin. Gulu lina analithandiza kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa sabata, ndi kuchepetsa thupi pang'ono chabe, makilogalamu 7 pa 100 alionse. Patatha zaka pafupifupi zitatu, mapiritsi anachepetsa chiopsezo cha shuga ndi 31 pa 100, koma kuyenda ndi kusintha kadyedwe kunachepetsa ndi 58 pa 100. Taonani kuchepa kwa zimene zikufunika. Mayi wa makilogalamu 85 sakufunika kubwerera ku thupi la utsikana wake. Akachotsa 5 kapena 6, m'miyezi ingapo, mawondo amapepuka, magazi amatsika, tulo timakoma, ndipo anthu a pachitsime sadzaona n'komwe choti anong'onezane. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Simukusowa sikelo kuti mudziwe pamene muli. Tengani chingwe kapena luzi, muyeze kutalika kwanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, mudule. Chipindeni pakati, ndipo chopindacho muchizungulize m'mimba, chapamwamba pang'ono pa mchombo, musanadye ndiponso osakoka mimba. Nsonga zikakumana, muli bwino. Zikakana kukumana, mafuta a m'mimba achuluka, ndipo amenewa ndi amene amaitana shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuposa a m'chiuno ndi m'ntchafu. Abambo, musaseke amayi pa nkhani iyi. Mwamuna wa miyendo yoonda ndi mimba yotsogola ali pangozi kuposa mkazi wa mbina.

Chingwe chikakana, yambani ndi zakumwa, pakuti m'pamene phindu limabwera msanga ndipo ndalama zimatsala m'thumba. Botolo likhale la pa Khirisimasi ndi paukwati monga kale. Shuga wa mu tiyi muzichotsa sipuni imodzi sabata iliyonse, lilime lidzazolowera. Nsima musaisiye, si mdani wanu. Wodya mitanda inayi adye itatu, kenaka iwiri, ndipo malo otsalawo adzaze ndi masamba ndi nyemba, khobwe, nandolo kapena kapenta wa ku Cahora Bassa. Sakanizani mgaiwa mu ufa woyera ngati a m'nyumba akuukana. Mafuta muziyeza ndi sipuni, osathira kuchokera m'botolo. Mchere nawo uchepe: WHO imati sipuni yaing'ono imodzi patsiku ikwanira munthu wamkulu, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Mmawa mbatata, chinangwa, maungu kapena chimanga chophika m'malo mwa mandasi. Mapichesi, masuku, magwafa ndi mango tili nazo m'nyengo yake, ndipo sizifuna paketi. Kusala chakudya tsiku lonse kuti muonde sikuthandiza ngati madzulo mudzabwezera kawiri.

Za kuyenda, mphindi 30 patsiku, masiku asanu pa sabata, mwandawala mpaka thukuta. Kuno sitifuna nyumba yochitira masewera ngati ku America. Tsikani pa njinga yamoto mtunda usanathe, palasani njinga yakapalasa, bwererani kudimba m'chilimwe m'malo mokhalira bawo, vinani chintali ndi chitelele. Mwini aganyu agwireko mzere umodzi.

Malangizo awa si a aliyense. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mwana wamng'ono, wodwala chifuwa chachikulu, ndi aliyense amene akuchira matenda, asachepetse chakudya popanda uphungu wa kuchipatala. Kutupa si kunenepa: mukadina ndi chala pa mwendo n'kutsala kadzenje, thamangani kuchipatala, kaya ndi mwana kaya ndi wamkulu. Ndipo munthu amene akuonda yekha osafuna, akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi usiku, kapena nyerere zikuunjikana pamene wakodza, asasangalale kuti thupi latsika. Akayezetse shuga, chifuwa chachikulu ndi HIV.

Chifukwa chimene ndalimbikira nkhaniyi ndi mtunda. Munthu wa ku America akadwala shuga ali ndi chipatala pafupi ndi firiji yosungira insulini. Munthu wa ku Chidzolomondo akagwa ndi sitiroko usiku wa mvula, ulendo wake ndi wa ku Furancungo, mwinanso mpaka ku Tete kapena kuoloka malire, pa msewu umene nonse mukuudziwa. Akapulumuka, amabwera mkono ndi mwendo zitafa, ndipo amene amasiya sukulu kuti azimutembenuza pamphasa ndi mwana wamkazi. Kenaka banja limayamba kusakasaka amene walodza, abale n'kudana, pamene mfitiyo inalowa poyera, pa mbale ndi m'botolo, tonse tikuombera m'manja.

Choncho ndikupempha makomiti a zaumoyo a m'midzi kuti akambirane ndi azachipatala, kuti tsiku la sikelo ya ana, mayi naye azikwera pa sikelo ndi kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, ndipo abambo akhale ndi tsiku lawo, ngakhale pa tsiku la msika. Mafumu ndi akulu a mipingo, pa misonkhano yanu ikani madzi abwino ndi thobwa losathira shuga pamene mumaika kireti. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu, taonani zimene zikugulitsidwa pa chipata nthawi yopuma. Ndipo inu apongozi, mpongozi wanu akayamba kuchepetsa nsima ndi kuyenda madzulo, musamufunse mwana wanu ngati kunyumba kwavuta. Mufunseni mpongoziyo kuti mawa anyamuka nthawi yanji, mupite naye.